Udindo wa 40:60 sungakhale pa tebulo limodzi: lipoti lochokera pa nthambi ina ya yunivesite ku Dedza

Lipoti ili likufotokoza momwe tidagawirana ntchito yoonetsetsa kuti atsikana, amayi ndi anthu aulumali akupeza malo pa sukulu yathu, ngati ophunzira komanso ngati antchito. Sukuluyi ndi nthambi ya yunivesite ina, ili m'boma la Dedza, ndipo ophunzira ambiri amachokera m'Dedza momwemo, ku Ntcheu, ku Salima ndi kumidzi ya Lilongwe. Ophunzira timadzisankhira tokha, sitilandira mndandanda wodzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, monga amachitira mayunivesite a boma. Ine ndimagwira mu ofesi ya a Registrar, mbali yolemba ophunzira ndi mayeso. Dzina la sukulu ndalisiya dala, anthunso ndiwatchula ndi maudindo awo okha, poti ena sadaoneke bwino m'nkhaniyi chonsecho ndi anthu omwe timamwera limodzi tiyi.

Lamulo, ndi zomwe anthu amaliyesa

Gender Equality Act ya 2013 idaika muyeso womwe aliyense amangouti 40:60. Polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, asapitirirenso 60. Muyeso womwewo udaikidwanso pa ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite. Pa zolemba ntchito lamuloli lili ndi potulukira pake: ngati wofunsira alibe maphunziro oyenera, kapena wapatsidwa ntchito n'kuikana, kapena woyenera sadapezeke n'komwe, muyesowo sugwira. Lamulo lomweli lidati kuvutitsa munthu pomufuna zogonana ndi mlandu, chilango chake K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo lidafuna kuti pa malo a ntchito pakhale ndondomeko yothana ndi khalidweli. Woyang'anira kuti zikutsatidwa ndi Malawi Human Rights Commission. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa tsankho, koma limalolanso malamulo othetsa kusiyana komwe kulipo kale pakati pa anthu, ndipo Employment Act ya 2000 imanena chimodzimodzi: kukweza gulu lomwe lidatsalira m'mbuyo si tsankho.

Vuto n'lakuti pa Malawi pano ukangotchula zosungira anthu malo kuyunivesite, zomwe zimabwera m'mutu mwa anthu ndi kota. Kota ija yosankha potengera boma lomwe munthu akuchokera idayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti lidaikana mu 1993, idabwerera m'nthawi ya Bingu wa Mutharika boma lililonse n'kumayamba lapatsidwa malo 10, mpaka idathetsedwa mu 2020. Idasiya mabala, makamaka kwa ana a kumpoto omwe ankakhoza bwino koma n'kutsala. Choncho aliyense wogwira ntchito ya 40:60 adziwiretu kuti adzafunsidwa za kota, ngakhale zili zinthu ziwiri zosiyana. Ife tidafunsidwa pa msonkhano woyamba weniweniwo.

Momwe zinthu zidaliri

Kwa zaka zingapo ntchito yonse idali m'manja mwa mphunzitsi mmodzi, yemwe sukulu yonse inkangomuti "mayi a jenda". Udindowu adaulandira ndi kalata ya ndime ziwiri. Chowasankhira chidali chodziwikiratu: pa nthawiyo ndiwo okha mayi yemwe adali ndi digiri yachiwiri. Makalasi awo sadachepetsedwe, bajeti sadapatsidwe, ndipo sankakhala nawo mu komiti yosankha ophunzira kapena pa intavyu ya antchito. Akuluakulu ankawakumbukira pa 8 Malichi, pa masiku 16 aja oyambira pa 25 Novembala, ndi tsiku lomwe kwabwera alendo ofuna kuona polise ya jenda.

Madandaulo okha ndi omwe ankawapeza tsiku ndi tsiku. Mtsikana akaima, kwa mayi a jenda. Mpopi ukafa ku hostelo ya atsikana, kwa mayi a jenda. Mnyamata woyendera njinga ya aulumali atakanika kukwera masitepe a ku laibulale, mlonda adamuperekeza kwa mayi a jenda omwewo, pomwe woona zomangamanga alipo ndipo amalandira malipiro mwezi ndi mwezi.

Zidaululika mayiwa atapita kukachita PhD. Chaka chomwecho khonsolo ya yunivesite idalamula kuti nthambi iliyonse ipereke chiwerengero cha amuna ndi akazi pa kosi iliyonse, cha omwe adasiyira panjira ndi zifukwa zake, ndi cha ophunzira aulumali. Palibe ofesi yomwe idali nacho. Chomwe tidapeza ndi katoni ya sopo pansi pa tebulo lawo. M'katimo mudali mabuku a chikuto cholimba olembedwa pamanja: dzina la wophunzira, tsiku, vuto, nambala ya foni ya womulera, ndi mawu ochepa pa zomwe adachitapo. M'buku limodzi mudali malisiti a minibasi omatidwa ndi selotepi, a ndalama za m'thumba mwawo zomwe ankaperekezera atsikana kuchipatala cha pa boma. Mabukuwo ankaonetsa munthu wakhama loopsa. Ankaonetsanso kuti sukulu yonse idapeza pobisala, chifukwa ofesi iliyonse inkatha kunena kuti za jenda zili ndi mwini wake.

Kutsata mapazi a wophunzira

A Registrar adatipatsa ntchito atatu, ine, a Dean of Students ndi mnzathu wa ku akaunti, kuti tibwere ndi njira yatsopano. Sitidayambe ndi kulemba polise, chifukwa polise idalipo kale pa shelefu, yosindikizidwa bwino. Tidatenga wofunsira malo mmodzi m'maganizo n'kumutsata kuyambira tsiku lomwe amva za sukulu yathu kufika tsiku lovala gauni, ndipo paliponse pomwe angagwe tinkafunsa funso limodzi: pamenepa amasaina ndani?

Pogwera poyamba ndi pa kulengeza. Tinkalengeza m'nyuzipepala ndi pa Facebook. Mtsikana wa pa CDSS ya ku Lobi, ku Mayani kapena ku Kasinje saona nyuzipepala, ndipo foni ya intaneti m'nyumba zambiri imakhala ya mchimwene. Ndalama ya fomu inkayenera kuikidwa kubanki, kutanthauza ulendo wa pa boma, thiransipoti yopita ndi yobwera kuposa mtengo wa fomuyo.

Pachiwiri ndi pomwe tidakhalitsa. Chiwerengero cha sukulu yonse chinkaoneka chabwino, akazi sadali kutali ndi 40. Titagawa kosi ndi kosi, tidaona kuti atsikana adaunjikana ku makosi a zauphunzitsi wa zilankhulo ndi zachitukuko, pomwe ku makosi a sayansi kudali kalasi lomwe atsikana ake ungawawerenge ndi dzanja limodzi. Chifukwa chake sichiyambira pa geti pathu. Kuti munthu alowe yunivesite amafunika makirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kosi ya sayansi imafunanso kirediti ya Masamu ndi ya Biology, Chemistry kapena Physics. Ma CDSS ambiri alibe labu. Mwana amakaona zida zoyesera koyamba mayeso atayandikira, ndipo m'sukulu zina atsikana amalangizidwa ali Fomu 3 kuti sayansi aisiye kuopa kuwononga mapointi. Ndiye ife pa mulu wa mafomu athu, atsikana oyenera sayansi adali ochepa ngakhale tisanayambe kusankha.

Pachitatu padali posayembekezeka. Pakati pa osankhidwa ndi obwera kudzalembetsa padali mpata waukulu, ndipo ambiri osabwerawo adali atsikana. Palibe ankawaimbira. Malo awo ankangoperekedwa kwa otsatira pa mndandanda, omwe nthawi zambiri adali anyamata, ndipo apo ndi pomwe 40 wa pa pepala ankasungunukira. Tidagawana manambala n'kuyamba kuimba. Bambo wina wa ku Tsangano adandiyankha motere: "Madamu, mwanayo ali pompano, akutithandiza kumunda. Fizi tipeza tikakumba mbatatesi, koma inu mwati sabata yamawa. Nanga kogona? Mnyamata akhoza kuchita lendi paliponse, koma mwana wamkazi sindingamusiye kumidadada kopanda womuona." Mayankho ambiri ankazungulira pa ziwiri zomwezi, tsiku lomalizira kulipira ndi malo ogona. Zonse ziwiri mayi a jenda sakanazikhudza. Tsiku lolipira ndi la a Bursar, bedi ndi la a Dean of Students.

Za oyembekezera zidali zachidule. M'sukulu za pulayimale ndi sekondale ndondomeko yolola mtsikana kubwerera akabereka idayamba mu 1993, ndipo kuno ku Dedza Inkosi Kachindamoto idatchuka dziko lonse ndi kunja komwe pothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Ife a yunivesite tinkangolemba kuti wophunzira wapuma pa zifukwa za umoyo, popanda tsiku lobwerera, popanda womufunsa.

Fomu yathu idali ndi kabokosi kumapeto kofunsa ngati munthu ali ndi ulumali. Ophunzira ankachonga, fomu n'kulowa mu kabati ya mu ofesi yathu, n'kuthera momwemo. Wokonza taimutebulo sankadziwa, woona zomangamanga sankadziwa, wosindikiza mayeso sankadziwa. Wophunzira wina wachialubino adalemba mayeso a semesita yathunthu pa pepala la zilembo zing'onozing'ono, atasendeza desiki pawindo kuti aziona, dzuwa likumuwomba.

Kwa antchito, malonda athu ankathera ndi chiganizo chija chakuti amayi akulimbikitsidwa kufunsira, basi. Pa intavyu pankakhala abambo okhaokha.

Kugawa

Mfundo yomwe tidapita nayo ku seneti, bwalo lalikulu loona za maphunziro pa sukulu, idali yakuti udindo uliwonse ubwerere pa tebulo la yemwe amasaina. Koma kungoti ntchito ndi ya tonse kukanakhala koopsa kuposa kale, chifukwa ntchito ya tonse palibe amaidzukira m'mawa. Tidati udindo uliwonse ukhale ndi zinthu zinayi: dzina la ofesi imodzi osati ziwiri, nambala yomwe ofesiyo izipereka, tsiku lopereka, ndi mzere wake mu bajeti. Zonsezi zilembedwe m'kalata yofotokoza ntchito za munthuyo ndi pa fomu yomwe amayesedwera pakutha pa chaka. Chomwe sichidalowe pa fomu imeneyo, pa sukulu yathu sichichitika. Ndikukhulupirira kwanunso ndi chimodzimodzi.

Ofesi yathu ya a Registrar idatenga kulengeza ndi kuwerenga. Tidayamba kutumiza mafomu kwa ahedi a masukulu a sekondale ndi kulengeza m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo ndalama ya fomu tsopano imalipirika pa Airtel Money kapena Mpamba. Tidadzimanganso kuti malo a mtsikana wosankhidwa asaperekedwe kwa wina tisanamuimbire iye kapena womulera, n'kulemba yankho. Kabokosi ka ulumali tidakasamutsira pa tsamba loyamba, ndipo zomwe zachongedwa zimapita kwa wokonza taimutebulo, kwa a zomangamanga ndi kwa woona mayeso sukulu isanatsegulidwe.

Ma Dean a mafakote adasenza gawo lolemera, la kusankha, lomwe ndifotokoza pansipa. Mahedi a madipatimenti adapatsidwa ntchito yoona atsikana ndi aulumali omwe akulephera mayeso oyamba a m'kalasi, asanafike pa mayeso a semesita. A Dean of Students adatenga hostelo, oyembekezera ndi ngongole. Bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2015, limathandizanso ophunzira a m'mayunivesite omwe si a boma bola akhale ovomerezeka, koma ana athu ambiri ankalephera pa kudzaza mafomu. Tsopano pa nyengo yofunsira labu ya makompyuta imatsegulidwa madzulo, pali munthu wowathandiza. Woyembekezera amadzaza fomu yokhala ndi tsiku lobwerera, ndipo ofesi ya a Dean imamuimbira mwezi umodzi tsikulo lisanakwane.

A Bursar adavomera kuti fizi izilipiridwa m'magawo. A HR, ofesi yoona za antchito, adalandira lamulo lakuti intavyu isachitike popanda mayi pa gulu lofunsa, ndipo ngati mndandanda wa oitanidwa ulibe mayi, alembe chifukwa n'kusainira. A zomangamanga adapatsidwa mndandanda wa masitepe ndi zimbudzi. Sukulu yathu ili pa mtsetse, monga malo ambiri a m'Dedza muno, ndiye njira ya njinga ya aulumali si nkhani yongothira simenti pakhomo. Pomwe ndalama sizidakwane, wokonza taimutebulo amasamutsira kalasi lonse pansi.

Nkhani za kuvutitsidwa pofuna zogonana tidazipatula. Sizidzera kwa hedi wa dipatimenti, chifukwa nthawi zina wodandaulidwayo ndi mnzake wa hediyo, mwinanso hedi yemweyo. Wodandaula ali ndi makomo atatu oti asankhe: namwino wa pa kliniki, a Dean of Students, kapena membala aliyense wa kagulu komva milanduyi, momwe muli woimira ophunzira ndi munthu mmodzi wochokera kunja kwa sukulu.

Nanga mayi a jenda? Udindowo sudathe, koma udasintha. Yemwe adalowa m'malo adachotseredwa kosi imodzi pa semesita. Sathetsanso vuto la munthu aliyense payekha. Amalandira manambala kuchokera ku maofesi onse, amakumbutsa wochedwa, ndipo ali ndi mpando mu seneti ndi mphindi zake zoyankhula pa msonkhano uliwonse, osati pa zina ndi zina. Lipoti lake limapita ku khonsolo kawiri pa chaka lisanadzere m'manja mwa aliyense woti alisalaze. Kumeneku ndiye kudali kovuta kuti akuluakulu avomere.

Pomwe padavuta

Mkangano waukulu udali pa kusankha. Mphunzitsi wina wa Masamu, munthu wosapsatira mawu, adaimirira mu seneti nati: "A Chair, kota idatuluka pakhomo mu 2020, inu mukuilowetsera pawindo. Ngakhale ku America komwe zidatchuka izi, khoti lawo lalikulu lidaziletsa mu 2023." Sadaname kwenikweni. Ku America ndondomeko yokweza magulu omwe adatsalira m'mbuyo idayamba kumveka mu 1961 m'nthawi ya John F. Kennedy, ndipo chigamulo cha 2023 chidaletsa mayunivesite kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira. A Registrar adayankha kuti chigamulocho ndi cha dziko la eni, pa nkhani ya khungu, pomwe ife tili ndi lamulo lathu lomwe Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa ndipo palibe adalichotsa. Wina adapereka ganizo lotengera ku Makerere ku Uganda, komwe kuyambira 1990 atsikana amaonjezeredwa mapointi 1.5 polowa. Tidalikana. Pa MSCE wokhoza ndi wa mapointi ochepa, ndiye zikanatanthauza kuchotsera atsikana mapointi pa satifiketi yomwe aliyense akuiona, ndipo mphekesera yake ikanafika kuhostelo lisanalowe dzuwa.

Zomwe tidagwirizana ndi izi. Muyeso wolowera sukhudzidwa: wopanda makirediti 6 ndi maphunziro ofunika pa kosiyo salowa, kaya ndi mtsikana kaya ndi waulumali. Pa oyenerawo, a Dean amayamba kusanja potsata mapointi. Akatha amayang'ana chiwerengero. Ngati gulu lina silidafike 40, malo akumapeto amaperekedwa kwa oyenera a gulu limenelo potsata mapointi awo, kufikira 40 itakwana kapena oyenerawo atatha. Akatha asanakwane, a Dean amalemba choncho n'kusaina, osati kutsitsa muyeso. Chomwe chidaziziritsa mitima n'chakuti lamuloli limaluma mbali zonse. Pa kosi imodzi pomwe atsikana adapitirira 60, opindula adali anyamata. Mphunzitsi wa Masamu uja ataona zimenezo adangoti, "Chabwino, tiyeni tione," ndipo kwa iye kumeneko n'kuvomera.

Tidagwirizananso kuti mndandanda wotuluka usaonetse yemwe walowa m'malo akumapetowo, ngakhale aphunzitsi asadziwe. Mawu akuti "inu mudalowera jenda" amapweteka, ndipo amagwera ngakhale mtsikana yemwe adaposa anyamata onse m'kalasimo.

Mkangano wachiwiri udali wa komiti. Ambiri ankafuna komiti yaikulu ya jenda yokhala ndi woimira ofesi iliyonse. Ine ndidakana, ndipo mpaka pano sindidasinthe maganizo. Komiti za pa sukulu yathu zimakumana pakapezeka alawansi, ndipo zomwe zalephereka zimalembedwa kuti "komiti idaona". A Bursar akachedwetsa kulola malipiro a m'magawo, ndikufuna lipoti linene kuti ofesi ya a Bursar idachedwa. Pomaliza padapangidwa msonkhano umodzi pa semesita wa mahedi a maofesi, wopanda alawansi, woitanitsa a Principal eni ake.

Wachitatu ndi womwe umandisowetsabe mtendere. Titaika kuti atsikana a chaka choyamba ndi aulumali aziyamba kupatsidwa mabedi, bungwe la ophunzira lidabwera ndi kalata. Mtsogoleri wawo adauza a Dean: "Bwana, mnyamata wa ku Golomoti yemwe bambo ake amawedza ndi ngalawa yobwereka akugona m'kachipinda kosafolera bwino, kuzizira kwa Juni kwa kunoku mukukudziwa, pomwe bedi mwapatsa mwana wa bwana wa ku Area 47 chifukwa choti ndi mtsikana." Adanena zoona. Lamulo la 40:60 limawerenga amuna ndi akazi, silifunsa za m'thumba. Walira mvula walira matope: tidafuna atsikana ochuluka, ndipo kuchuluka kwawo kudatulutsa anyamata osauka m'hostelo. Tidasintha pang'ono kuti pa mabedi umphawi uziwerengedwa limodzi, potengera sukulu yomwe munthu adachokera ndi kalata ya kwa a social welfare. Njirayi ili ndi mabowo, makalata otere ena amawapeza mwachinyengo, koma ndi yabwinoko kusiyana ndi kungoyang'ana kabokosi ka M kapena F.

Zomwe zaoneka

Chomwe chasintha kwambiri ndi chomwe chidali chotsika mtengo: kuimba foni. Atsikana osankhidwa omwe akubwera kudzalembetsa achuluka moonekeratu, makamaka chilolezereni kulipira m'magawo. Mwana wa bambo a ku Tsangano aja adabwera patapita masabata angapo, a Dean atamusungira bedi. Oyembekezera ambiri akubwerera, ngakhale kuti funso la kosiya khanda nthawi ya kalasi silidayankhidwe. Ena amabwera ndi kamtsikana kochokera kumudzi kodzalera, komwe nako kamayenera kukhala kusukulu. Zimenezi a Dean adazilemba mu lipoti lawo, ndipo ndidawalemekeza posazibisa.

Ku sayansi 40 sitidaifike. Ma Dean akusaina chaka ndi chaka kuti oyenera adatha. Ena mu khonsolo adati tikadatsitsa kirediti ya Masamu kukhala pasi. Ndikuona kuti kumeneko n'kuitanira mwana kudzalephera mu chaka choyamba atawononga kale ndalama za mbatatesi. Fakote ya sayansi idasankha njira yaitali: pa holide labu yathu imatsegulidwira ophunzira a Fomu 3 ndi 4 a ma CDSS oyandikira, ndipo aphunzitsi awo amabwera nawo. Ntchitoyi ili pa dzina la Dean wa sayansi, ili ndi mzere wake mu bajeti, koma zipatso zake sizingaoneke msanga.

Kwa antchito kusintha n'kochepa. Pa intavyu mayi amakhalapo, koma poti amayi audindo ndi ochepa, ndi awiri omwewo omwe akuitanidwa ku intavyu iliyonse, pamwamba pa makalasi awo. Mmodzi adandiuza akuseka, "Asisi, mwangochotsa katundu pamutu pa mmodzi n'kutisenzetsa awiri." A HR tsopano amabwereka amayi ochokera ku likulu la yunivesite pa maintavyu akuluakulu. Palinso nkhani yomwe lamulo silingaithetse: mayi wa digiri yachiwiri yemwe banja lake lili ku Lilongwe kapena ku Blantyre amaganiza kawiri asanavomere ntchito ya ku Dedza. Tidaitana ena, adakhoza intavyu, n'kukana.

Njira yatsopanoyi ilinso ndi chofooka chake chomwe sitidachione poyamba. Kale wophunzira wamavuto ankadziwa chitseko chimodzi ndi nkhope imodzi. Tsopano akhoza kutumizidwa uku ndi uku, aliyense akunena mwaulemu kuti gawo limenelo si lake. Tidaika lamulo lakuti ofesi yomwe wophunzira wayamba kufikako isangomulozera njira, imuperekeze kapena iimbe foni iye ali pomwepo, n'kulemba m'buku. Ena amatsata, ena ayi. Masekilitale ndi alonda, omwe ndiwo amayamba kukumana ndi ophunzira, tidachedwa kuwaphunzitsa, ndipo a HR aika maphunziro awo mu dongosolo la chaka chino.

Za aulumali zayenda mwa theka. Mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi nthawi yoonjezera pa mayeso tsopano ndi chizolowezi, ndipo woona mayeso amasainira kuti zachitika. Pa za braille timadalira thandizo lakunja, popeza tilibe mphunzitsi wophunzira ntchitoyi ngati omwe amatuluka ku Montfort ku Nguludi. Nkhani yomwe ili pa tebulo pano ndi ya wofunsira malo wosamva, woyenera bwinobwino pa mapointi. Akufunika womasulira chinenero cha manja pa kalasi lililonse kwa zaka 4. A Dean a fakote akuti ndalamayo ndi ya ofesi ya ophunzira, a Dean of Students akuti womasulira ndi wantchito ndiye ndi za a HR, a HR akuti pa mndandanda wa maudindo ovomerezeka palibe udindo wotero. Pogawa paja udindo umenewu sudapatsidwe ofesi. Wofunsirayo tamulembera kuti malo ake asungidwa, talemberanso a MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi, kufunsa za omasulira ndi mitengo yawo, ndipo a Principal alamula kuti komiti ya zachuma itchule ofesi imodzi yosenza ndalamayi pa msonkhano wake wotsatira, sukulu isanatsegulidwe.